Chala Chachinayi

Mwana wanga wamkazi ali ndi chibwibwi. Ndayambira pamenepa chifukwa kwa zaka zambiri sindinkafuna kuzitchula, ngakhale kwa bambo ake. Ndinkangoti ndi wamanyazi. Akayamba mawu n'kukakamira pakati, ndinkamumalizira msangamsanga anthu asanazindikire. "Akuti akufuna madzi." "Akuti wadzuka bwino." Ndinali ngati womasulira wa kutchalitchi amene sadikira kuti mlaliki amalize.

Atafika Sitandade 3 anagwera m'kalasi langa, pa sukulu ina ya kwa Maganga. Ine ndi satifiketi yanga ya uphunzitsi ndinkadziwa chinthu chimodzi: kalasi labwino ndi lachete. Ahedi akamadutsa pawindo azimva mawu a mphunzitsi basi. Mwana wangayo sindinkamuloza n'komwe. Mwina ndinkaopa kuseka kwa anzake kuposa mmene mwiniwake ankaopera.

Teremu yachiwiri kunabwera mayi wina wa ku yunivesite, atakwera kabaza, bokosi la matabuleti lili pa kabaza wina pambuyo. Ankafufuza mmene ana angaphunzirire limodzi pogwiritsa ntchito makompyuta. Anati ana azikhala anayianayi pa tabuleti imodzi. Ine ndinkati n'chifukwa cha kuchepa kwa zipangizo, koma ayi, zinali zadala. M'ngodya za tabuletiyo munali timabwalo tinayi. Yankho silinkapita mpaka mwana aliyense ataika chala pa kabwalo kake. Wina akakana, atatu enawo amufunse chifukwa chake.

"Ndiye azionerana?" ndinafunsa. "Ifetu ankatikwapula chifukwa cha zimenezo."

"Azionerana, madamu. Azikangana kumene."

"Nanga phokoso?"

"Phokosolo ndi limene ndabwerera," anatero akuseka.

Sabata yachitatu panabwera funso ili: mabwato anayi, bwato lililonse lanyamula asodzi atatu, asodzi onse ndi angati? Gulu la mwana wanga linali la anyamata awiri ndi mtsikana wina wamkulu thupi, wobwereza kalasi. Anangophatikiza folo ndi fili, n'kulemba seveni, zala zitatu n'kutera pamalo pake. Mwana wanga anabisa dzanja m'khwapa.

"Iwe, ika chala! Tatsala tokha!"

"Chala chakocho n'chagolide?"

Mwana wanga anayamba kulimbana ndi mawu. Ndinanyamuka kuti ndikamuyankhulire monga mwa nthawi zonse. Mayi uja anandigwira mkono, maso ali pa anawo. Sankadziwa n'komwe kuti ndi mwana wanga.

"Tadikirani pang'ono, madamu."

"Li... li... li..."

"Injini yakana kulira, tiyeni tipalase!" anatero mnyamata mmodzi, mnzake n'kugwa chagada ndi phwete.

"Lililonse!" anakuwa mwana wanga.

Anyamatawo anapitiriza kuseka. Ankayesa kuti ndi chibwibwi chomwe chija. Kunena zoona, nanenso ndinayesa choncho, ine mayi wake. Koma mtsikana wamkulu uja anali atatopa ndi kudikira, ndipo tabuleti sinkasuntha popanda chala chachinayi.

"Takhalani chete inu, mitu ngati ya mlamba. Iwe, lililonse chani?"

"Bwato li-lililonse." Mwana wanga anatulutsa dzanja lija n'kumenya pansi kanayi. "Atatu. Atatu. Atatu. Atatu."

Mtsikanayo anawerenga pa zala, n'kubwerekanso za mnyamata mmodzi. "Thwelofu!"

"Aaa, injini yalira," anatero wonyoza uja, koma ulendo uno anali akufufuta seveni. Zala zinayi zinatera. Ine ndinapita kukafufuta bolodi lofufutidwa kale, kuti ana asandione nkhope.

Teremu imeneyo ndimaikumbukira ngati mmene munthu amakumbukirira mudzi umene anachokako. Chibwibwi sichinathe, ndisaname. Koma ndinamva mawu a mwana wanga amene sindinkawadziwa. Ankatsutsa. Ankaseka anzake. Tsiku lina anauza mnyamata uja kuti mutu wake ndi bwato lobooka, ndipo m'malo momudzudzula ndinayang'ana kumbali. Kalasi langa linkasokosa ngati pa doko usipa ukafika, ahedi n'kumaima pawindo nkhope ili gwaa. Sindinkasamala.

Kafukufuku atatha, matabuleti anabwerera m'bokosi mwake, akuti akupita ku sukulu ina. Mayi uja anandithokoza, n'kundisiyira mapepala a Chingelezi ofotokoza zimene anapeza. Ndinawawerenga kawiri. Munali zambiri zanzeru, koma munalibe mwana wobisa dzanja m'khwapa.

Ndinayesa kupitiriza ndekha. Ndinatola zitsekerero za mabotolo, bambo a mwana wanga n'kundibweretseranso zina kuchokera ku loji kumene amagwira ntchito ku Senga Bay. Gulu lililonse pepala limodzi, zitsekerero zinayi, yankho lisabwere kwa ine mpaka aliyense ataika chake. Masiku ena zimayenda, ndipo mpaka pano ndimachitabe. Koma chitsekerero sichikana. Mwana wachangu amangotola cha mnzake wachete n'kumuikira. Ana makumi asanu ndi atatu, ine maso awiri.

Panopa mwana wanga ali Sitandade 4, m'kalasi la mphunzitsi wina, munthu wabwino ndithu. Ndikamadutsa pawindo ndimamva mawu a mphunzitsi basi, mmene ndinkafunira kale muja. Nditawafunsa za mwanayo anandiyankha mosangalala.

"Musadandaule, madamu. Mwana wanu ndi waulemu. Sasokosa n'komwe."

Ndinathokoza, n'kupita kukaima kuseri kwa ofesi mpaka belu litalira.

Kunyumba ndikuyesetsa kusiya kumumalizira mawu. N'kovuta kuposa mmene mungaganizire. Mawuwo amakhala ali kale pa lilime langa, iye akulimbana nawo, akundiyang'ana kuti ndimuombole monga ndinamuzoloweza. Nthawi zina ndimalephera. Nthawi zina amangoti "basi" n'kuchokapo.

Loweruka lapitali tinkachapa mayunifomu pampopi. Mwana wanga anasiya kufikisa, n'kuyamba.

"Amayi, ma... ma... ma..."

Ndinkadziwa mawu ake. Ndinaika manja anga onyowawo m'khwapa, ndinaluma mlomo. Madzi anadzaza ndowa mpaka kusefukira, osatseka.

"Ma-matabuleti aja adzabweranso?"

Anamaliza yekha, funso lonse. Anandiyang'ana, akudikira. Ulendo uno amene mawu anamukakamira pakhosi ndinali ine.