Mayina a Kuseri kwa Tsamba

Bambo anga anali injiniya wa zitsulo. Ntchito yawo inali kuwerengera kukula kwa mizati, mitanda ndi mabawuti a madenga akuluakulu, ena n'kukamanga. Kuntchito ankawatcha Achofiira, chifukwa cha cholembera chofiira chimene sichinkachoka m'thumba la malaya awo.

Malangizo a ntchitoyi sakhalitsa. Akatswiri akapeza kuti mphepo imakankha denga kuposa mmene ankaganizira, amatumiza tsamba latsopano loti lilowe m'malo mwa lakale mu fayilo. Anzawo ankangothothola lakalelo n'kuliponya m'bini. Bambo ayi. Kuseri kwa tsamba lililonse ankalembako nyumba zonse zimene anajambula potsatira tsambalo. Likasintha, ankalidula mzere wofiira, n'kutulutsa mapulani a nyumbazo kuti awerengerenso imodziimodzi. Mayi ankati bambo ali pamitala, ndipo mkazi wamkulu ndi fayiloyo.

Atapuma pantchito sanasiye, ndipo masamba atsopano ankabwerabe m'maenvelopu. Maso awo atayamba kuchita mdima, wowawerengera ndinakhala ine, namwino wosadziwa kanthu za zitsulo. Kunena zoona, zinkanditopetsa.

Loweruka lina ndinawawerengera tsamba latsopano lonena za mabawuti olumikiza denga ku mzati. Anati ndibwereze. Kenaka anati, “Tembenuza lakalelo.” Kuseri kunali mayina asanu ndi awiri. Tinatha masabata atatu, ine kutchula manambala, iwo kuwerengera ndi galasi lokulitsira zilembo. Nyumba zisanu ndi imodzi zinapulumuka. Inatsala holo ya sukulu ina, imene chithunzi chake chinali pabalaza pathu, ntchito yomwe ankainyadira kuposa zonse. Polumikizira paliponse panali mabawuti anayi, koma tsamba latsopano linkafuna asanu ndi limodzi.

“Bambo, inu munatsata lamulo la nthawi imeneyo,” ndinatero. “Yaima zaka makumi atatu. Mukufuna muipitse dzina lanu paukalamba?”

“Mphepo sifunsa kuti linali lamulo la chaka chiti, mwana wanga. Mmenemo mumasonkhana ana mazana anayi. Tenga pepala.”

Kalatayo inayamba motere: “Amene ndinajambula holo yanu ndine, ndipo denga lake ndi losakwanira.” Ndinafuna kufewetsa mawuwo koma anakana. Kalata ziwiri sizinayankhidwe. Yachitatu itapita, mphunzitsi wamkulu anaitana injiniya wina, mayi wodekha, amene anavomereza kuti bambo akunena zoona. Holo inatsekedwa temu yathunthu. Makolo a ana anatukwana bambo kuti anamanga zachinyengo, anzawo akale n'kumati nkhalamba yadzipalira yokha. Zinawapweteka, ndipo sanabise. Chithunzi chija anachitsitsa okha.

Amisiri atamaliza kukonza dengalo ndinawaperekeza bambo kumeneko. Anaima pakati pa holo, nkhope kumwamba, osaona kanthu.

“Alipo angati?”

“Asanu ndi limodzi, bambo.”

“Pena paja?”

Anandiwerengetsa malo onse makumi awiri ndi anayi, khosi langa mpaka kuuma. Titamaliza anangoti, “Tiye kwathu.”

Anamwalira chaka chotsatira. Patatha miyezi iwiri envelopu ina ya tsamba latsopano inafika m'dzina lawo. Ndinakhala nayo pamwendo nthawi yaitali, ndikudziuza kuti izi sizanga. Kenaka ndinatsegula fayilo, n'kupeza tsamba lomwe linkachotsedwa, n'kulitembenuza. Kunali mayina khumi ndi awiri, m'zilembo zawo zopendekera zija, ndipo lachitatu linali chipatala chimene ndimagwirako ntchito.

Tsambalo ndinalidula mzere wofiira, n'kuyamba kufunafuna nambala ya foni ya injiniya uja.