Utsi m'nyumba ya bambo a Ziyad

Kuno ku Ajloun palibe amene sawadziwa a Khalaf, omwe timawaitana kuti bambo a Ziyad. Anagwira ntchito zaka makumi atatu pamalo oyengera mafuta a azitona, ndipo ndi munthu woti akakana wakana, ngakhale mubwere ndi mkulu wa mzikiti. Ine ndimakhala nawo moyandikana. Takangana kambirimbiri, koma chaka chino ndinawamvera chisoni.

Akazi awo, a Wasfiya, amadwala mphumu. N'chifukwa chake a Khalaf anataya mbaula ya nkhuni yotenthetsera m'nyumba n'kugula yamakono, yoyaka timibulu touma ta zotsalira za azitona, yokhala ndi fani yokankhira utsi m'paipi mpaka padenga. Zaka ziwiri inayaka bwinobwino. Chisanu cha chaka chino chitangoyamba, inayamba kulavulira utsi m'nyumba. Akaizimitsa, mayiwo chifuwa chimawathina ndi kuzizira. Akaiyatsa, amabanika.

Mwana wawo wamkazi, Rula, atabwera kuchokera kumzinda wa Irbid anapeza mayi ake akutsokomola mpaka misozi.

"Ababa, ndibweranso Lachisanu. Ndikadzapeza utsiwu, amayi ndidzawatenga."

"Uwatenge ngati katundu? Zaka makumi anayi sanagonepo kwina."

"Ndiye mukufuna muwawambe ngati nsomba?"

A Khalaf sabata imeneyo sanakhale pansi. Anawola phulusa, anapukuta mwaye m'paipi ndi sanza yomangirira ku waya, anasintha chingwe chotseka m'mbali mwa chitseko cha mbaula. Thumba lathunthu la timibulu analitaya ati lanyowa, wogulitsa n'kulandira mawu osayenera. Utsi unali pomwepo.

Lachitatu anagonja n'kuitana Sufyan, wokonza mbaula wa m'tauni. Sufyan anangoiyang'ana pang'ono n'kupempha kukwera padenga. Nanenso ndinakwera, poti pa nkhani za eni sinditsalira.

Kwathu kuno mwana wamwamuna samanga kutali, bambo ake amamumangira pamwamba pa nyumba yawo. Chilimwe chathachi a Khalaf anakweza okha makoma a nyumba ya mwana wawo Ziyad, amene watha zaka zisanu ndi zinayi ku Jeremani. Denga anali asanaike. Paipi ya mbaula inatsalira mkati, pakona, ngati munthu wogwera m'chitsime.

"Amalume, mbaula ilibe mlandu," anatero Sufyan. "Mphepo ikumenya makomawa n'kubwezera utsi m'paipi."

"Italikitse paipiyo."

"Yakhota kale kawiri, fani yake singakankhe kuposa apa. Gumulani kona iyi basi, utsi utha lero lomwe."

"Apa ndi pachipinda chogona cha mwana wanga."

"Wogonamoyo ali kuti, amalume?"

Anamutsitsa osamupatsa ndi khofi yemwe, zimene kuno sitimuchitira ngakhale mdani.

Ine ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti njerwa sizitsokomola, amene akutsokomola ali pansipa.

"Ndikagumula, mudzi wonse unena kuti Ziyad sabweranso," anandiyankha, maso ali kumbali.

"Mudzi unanena kale, bambo a Ziyad. Mwatsala inu nokha."

Lachinayi a Khalaf anadula chitini n'kuchiveka paipi ngati chipewa. Mphepo inachiulutsira m'munda mwanga. Anamangirira china ndi waya, manja ali magazi, akupemphera chamumtima milomo ikugwedezeka. Utsi unachita kuwonjezeka.

Lachisanu anthu atatuluka mu mzikiti, Rula anafika. Anapeza mawindo onse ali pululu, mayi ake atafunda mabulangete atatu, mpweya ukulira m'chifuwa. Sanakangane ndi munthu, anangolongedza chikwama. A Wasfiya atafika pagalimoto anatembenuka.

"Mankhwala anu a shuga ali pamwamba pa firiji. Mphodza ndaphika za masiku atatu. Musamadye choimirira."

A Khalaf anangogwedeza mutu. Galimoto itatsika phiri, anakhalabe pakhomo nthawi yaitali.

Masana omwewo ndinamva hamala ikulira padenga. Ndinapita kuti ndiwathandize, anandikaniza. Dzuwa lisanalowe kona yonse inali pansi. Anatsika fumbi lili mbuu m'ndevu, n'kuyatsa mbaula. Inayaka moto woyera, wopanda ndi fungo lomwe. Anaimba foni ine ndili pomwepo.

"Mwana wanga, utsi watha. Bwera nawo amayi ako."

"Ababa, sabata ino mwandiuza zimenezo katatu," anatero Rula. "Amayi agona bwino, sakutsokomola. Tidzaona chisanu chikatha."

Chisanu chinali chitatsala ndi miyezi itatu. M'nyumba munayamba kufunda. A Khalaf anaika foni pansi, anauyang'ana motowo kanthawi, kenako anatambasula dzanja n'kuzimitsa mbaula.

"Mwazimitsiranji, kunja kukuzizira chonchi?" ndinawafunsa.

"Ndikuyatsira ndani?"