Mpando wa Apongozi m'Boti la Andireya

Mulungu akafuna kuseka amapatsa munthu wa kumapiri luso la pamadzi. Ndi zomwe anamuchita Andireya. Ali mnyamata anathawa khasu n'kukayendetsa maboti a injini ku Nkhotakota. Atabwerako anakwatira Margareta n'kukhala chikamwini m'mudzi wina kuseri kwa Madisi, komwe madzi ambiri umawaona mu ndowa basi.

Ulimi unamukana. Mizere yake inkakhota ngati njira ya munthu wochokera ku mowa. Koma diso loyeza kulemera kwa anthu anali nalo. Pangolo, m'minibasi, ngakhale pabenchi ya kutchalitchi, ankangoti, "Inu sunthirani kuno, mbali iyi yapepuka." Akapeza womumvera ankafotokoza kuti boti likakweza mphuno woyendetsa saona kutsogolo, likaitsitsa limalima madzi n'kumangomwa mafuta. Anthu ankamuseka, iye osalabada.

Munthu mmodzi yekha ndiye anali asanamusunthepo: apongozi ake, mayi Faines. Awiriwa ankasunga mwambo mopitiriza muyeso. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, akakumana panjira wina ankapatukira kutchire, ndipo mawu alionse ankadzera kwa Margareta.

Ndiye kunabwera ukwati wa Tikondwe, mwana wawo woyamba. Anauika Loweruka lomaliza nyengo ya Lenti isanayambe, chifukwa mkwati ankabwerera ku Joni sabata yotsatira. Kuphonya tsikulo kunali kudikira chaka chathunthu. Mvula, yomwe siwerenga makalata a ukwati, inakokolola mlatho wamitengo, dambo lonse la pakati pa mudzi ndi msewu wa ku mishoni n'kusanduka nyanja. Wansembe anatumiza uthenga pafoni kuti adikira mpaka masana okha.

Anthu ali kakasi, Andireya ankamwetulira ngati mwana amene wagulidwa nsapato. Anakatenga pangolo boti la kalabu ya ulimi wothirira lomwe linkangogona padamu, n'kulipukuta injini ndi malaya ake aukwati omwe.

Anakwera mkwatibwi, Margareta ndi ankhoswe awiri. Mayi Faines, omwe thupi Mulungu sanawamane, anayang'ana pomwe panakhala mkamwini wawo, kumbuyo pa injini, n'kupita kukakhala kutali kwenikweni, pamphuno penipeni, atamupatsa msana.

Boti litangonyamuka mphuno inazyolika. Madzi anayamba kudumphira m'kati, pulopela yopalasa madzi n'kumatulukira kunja ikulira pachabe. Tikondwe anakwinyira diresi lake m'maondo. Andireya anazimitsa injini, anazula msomali wopendeketsera injiniyo n'kuulowetsa pabowo lomaliza kuti mphuno idzuke. Anakokeranso ankhoswe kumbuyo, koma amunawo anali owonda ngati mapesi. Mphuno inakhalabe yozyolika, ndipo madzi ankalikankhira kumunsi, kumabango.

"Amake Tikondwe," anatero Andireya, "auzeni amayi abwere adzakhale kuno."

Margareta anapereka uthengawo.

"Uwauze kuti ine sindinayambe misala," anayankha mayi Faines osatembenuka.

"Agogo, ndiye ndidikire chaka chamawa?" anafunsa Tikondwe, misozi ili m'mbalimbali mwa maso.

Agogowo anangomanga chitenje chawo mwamphamvu. Andireya anagwidwa ndi mantha enieni, osati a madzi ayi, madzi ankawadziwa. Anavula chipewa, anayang'ana pansi, n'kulankhula nawo mwachindunji.

"Amayi, pepani kwambiri. Madziwa sakudziwa kuti ndinu apongozi anga. Bwerani mudzakhale pafupi ndi ine, mwanayu akakwatiwe."

Nkhoswe ina inachita chizindikiro cha mtanda. Kenaka mayi Faines anadzifunditsa chitenje kumutu n'kuyamba kukwawa, kudutsa mdzukulu, kudutsa mwana wawo, kuponda phazi la nkhoswe, mpaka anakakhala pathabwa limodzi ndi mkamwini, nkhope atalozetsa kwina.

Mphuno inadzuka yokha. Andireya anabwezera msomali uja pabowo lapakati, anakoka chingwe, injini n'kuyankha ndi mawu ena, osalala. Boti linakwera pamwamba pa madzi n'kuyamba kutsetsereka. Tikondwe anayamba kuseka misozi isanaume, Margareta analuluta, ankhoswe aja anayambitsa nyimbo ya ukwati aliyense ndi mayimbidwe ake. Kutsidya kunaoneka galimoto ya mkwati ndi anthu akukupiza zitenje, dzuwa lisanafike pamutu.

Mphepo inavula mayi Faines chitenje chija. Sanachibwezere. Pankhope pawo panali chimwemwe cha kamtsikana kamene kakwera njinga koyamba. Anatsokomola pang'ono, maso ali kutsidya.

"Bambo a Tikondwe," anatero, mawu awo oyamba kwa iye chikwatirireni mwana wawo, "kodi mphamvu zake zathera pomwepa? Onjezani moto."

Andireya anapotokola chogwirira mpaka pamapeto, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.