Nsomba ndi Mkaka mu Poto Mmodzi

Mvula inagwa masiku atatu osakata, ndipo m'mawa wa tsiku lachinayi inaleka. Ndikukumbukirabe madzi akudontha kuchokera ku udzu wa denga n'kumagwera m'phale limene amayi anaika pakhonde, achule akulirabe kudambo ngakhale kunali kutacha, ndi utsi wa nkhuni zonyowa umene unkakana kukwera kumwamba, n'kumangokwawa pakati pa nyumba za m'mudzi mwathu, kufupi ndi Mkaika. Munali mu Febuluwale, nthawi ya Chitaganya, azungu akadalamulira, m'nkhokwe mutatsala zitsononkho zokha. Ndinali ndi zaka ngati zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinali chigonere pamphasa chifukwa miyendo inali itakana kundinyamula.

Chikuku chinali chitandisiya mwezi umodzi m'mbuyomo, koma thupi silinabwerere. Mapazi anatupa, masaya anatupa, tsitsi linafiira n'kumathothoka. Amayi akadina chala pamwendo panga, kadzenje kankatsala pomwepo. Phala ndinkangolilavula. Atate anali ku Walale ku mafamu a fodya, choncho nkhani za matenda anga zinali m'manja mwa amalume a Yobe, alongo awo a amayi, ndi amayi aakulu a Esitere. Iwo ankati ndi mdulo, matenda amene anthu ankakhulupirira kuti amagwira mwana akadya ndiwo zothiridwa mchere ndi munthu wamkulu amene sanadzisunge. Anandimwetsa mizu yowawa milungu iwiri, koma kutupa kunangopitirira.

Nyumba yoyandikana ndi yathu inali ya a Mbewe. Ife ana tinkawatcha agogo a Bela, chifukwa anagwira ntchito yophika zaka zambiri m'hotela ina kudoko la Beira. Sanali obadwira m'mudzi mwathu. Kwawo kunali cha ku Vubwi, ndipo kwathu anabwera pa chikamwini atakwatira mng'ono wawo wa agogo anga. Akazi awowo atamwalira opanda mwana, achibale anawasudzula monga mwa mwambo, kutanthauza kuti anali omasuka kubwerera kwawo. Iwo anapempha kuti akhale, poti manda a akazi awo anali kuno, ndipo anthu anangowasiya. Anali ndi kamunda, dimba, ng'ombe imodzi yamkaka ndi mwana wake, komanso poto woyera wachitsulo amene ankamukwecha ndi mchenga ngakhale tsiku losaphikamo.

M'mawa uja mvula inaleka, a Mbewe anatulukira kuchokera kudambo, buluku atapinda mpaka m'maondo, mono uli paphewa. Amayi anali atapita kumunda. A Mbewe anaima pakhonde pathu nandiyang'ana nthawi yaitali.

"Bwana wadya chiyani lero?" anafunsa. Ankakonda kunditcha bwana, monga ankatchulira azungu amene ankawaphikira.

"Sindifuna kudya, agogo."

"Anzako a ku Bela ankateronso, akatsika m'sitima yapamadzi atasanza ulendo wonse. Tiye ukaone zimene zalowa m'mono. Kuona si kudya."

Anandinyamula ngati mtolo wa udzu nandikhazika pachikopa cha mbuzi pafupi ndi mafuwa awo. M'mono munali milamba iwiri, ndipo m'kathumba munali nkhanu zimene anatola pansi pa miyala ya kumtsinje. Anadula mitu ya milamba naiwiritsa pamodzi ndi nkhanuzo, kenako anasinja nkhanu m'kamtondo, nabwezera m'madzi omwewo, nasefa zonse ndi nsalu yoyera mpaka kutsala msuzi wokhawokha. Mu poto woyera uja anakazinga anyezi ndi mafuta oyandama pa mkaka wadzulo, ndipo fungo lake linandichititsa kudzutsa mutu. Anaikamo mbatata za kachewere ziwiri zoduladula ting'onoting'ono ndi chimanga chachiwisi cha kudimba chimene anachipala ndi mpeni, nathiramo msuzi uja. Nyama ya nsomba anaiika mochedwa. Itapsa anaivuula, nachotsa minga yonse ndi zala, akuyang'ana chidutswa chilichonse padzuwa.

Ankaphika akulankhula. Ankati kunyanja yamchere nkhanu ndi zazikulu ngati mbale, ndiponso kuli tizilombo tina tandevu totchedwa kamalau timene mzungu amatha kulirira. "Za kuno ndi zoonda ngati iwe, bwana, koma zikasinjidwa kukoma n'kumodzi."

Pofika pa mchere anaima. Anatapa m'chigoba naika m'dzanja langa.

"Thira wekha. Ine ndayenda maiko ambiri, asadzanene kuti ndakudula."

Ndinathira. Kenako anaphula poto pamoto namuika pamakala ofooka, natenga chikho cha mkaka wa m'mawa. Apo ndinachita mantha, chifukwa kwathu mwana aliyense ankadziwa kuti nsomba ndi mkaka sizikumana m'mimba. Ankati wodya ziwirizi pamodzi amagwidwa khate.

"Agogo, zala zanga zidzaduka."

Anatambasula manja awo onse awiri pamaso panga. "Werenga. Ndaulawa msuzi uwu Lachisanu lililonse kwa zaka zochuluka kuposa zako. Chasowa chala chiti?"

Ndinawerenga, zinali khumi. Anathira mkaka pang'onopang'ono akutakasa, nanena kuti mkaka sufuna moto waukali, ukawira umasanduka chambiko. Msuzi unayera n'kulemera ngati phala lamadzi. Anandipatsa supuni imodzi. Unali wofunda, wosalala, wotsekemera chimanga, ndipo sunandikande pakhosi. Ndinamwa masupuni asanu, n'kugona pomwepo pachikopa.

Tinatero masiku asanu ndi atatu. Amayi ankadziwa kuti ndimamwa msuzi wa nsomba kwa a Mbewe, ndipo ankathokoza, koma za mkaka sanafunse. A Mbewe sanandiuze kuti ndibise, ndipo ine sindinaganize zonena. Tsiku lachisanu ndinayenda ndekha kuchoka pakhonde pathu kukafika pawo. Kutupa kunayamba kuphwa. Koma pamene miyendo inkaphwa, khungu lakuda la pamwamba linayamba kusupuka, n'kusiya mawanga otuwa m'ntchafu ndi kuseri kwa maondo.

Amene anawaona ndi amayi aakulu a Esitere, tsiku lina masana akundisambitsa kuseri kwa nyumba. Anasiya chikho n'kundigwira mwendo.

"Iwe, kwa akulu aja umadyako chiyani?"

"Msuzi wa nsomba ndi nkhanu."

"Basi?"

"Ndi mkaka."

Anakuwa ngati awona njoka. Posakhalitsa amalume a Yobe, amayi ndi anthu ena anali pakhomo pa a Mbewe, ine atandiimika patsogolo wopanda malaya. Poto anali pamakala.

"A Mbewe, taonani mwanayu," anatero amalume. "Za kwa azungu anu mwazibweretsa pa mwana wa mlongo wanga?"

"Ndamuona, a Yobe. Sabata yatha sankaima. Lero waima."

"Waima ndi khate!" anatero amayi aakulu. "Mbumba yathu simunaibalire ngakhale mmodzi, ndiye mufuna mutithere amene tili nawo?"

A Mbewe anati, "Limenelo si khate. Pitani naye kuchipatala akamuone. Ngati ndi khate, mundichite chimene mufuna."

Amalume sanamve. Anakankha poto ndi phazi, msuzi woyera unatayikira paphulusa, ndipo agalu anathamangira. Ananena mawu ochepa, osakweza: "Tinakusudzulani kale. Kuno mwakhala pa chifundo chathu. Mawa tisakuoneni." Amayi ankalira, koma pamaso pa alongo awo ndi akulu awo sanathe kutsegula pakamwa.

M'mawa mwake ndinaona a Mbewe akutuluka m'mudzi, ng'ombe ndi mwana wake zili patsogolo, mphasa ndi kabokosi zili pamutu. Chimanga chawo chinali chitangomasula ngaiyaye, ndipo anachisiya m'munda. Anapatukira kumanda kaye, kenako analowa njira ya kum'mawa. Poto woyera tinamupeza pakhonde pathu, atamukwecha, chivindikiro chili pamwamba.

Mkaka unapita ndi ng'ombe. Anandibwezera ku phala ndi mizu, ndipo pasanathe milungu iwiri mapazi anatupanso kuposa kale. Ndinasiya kulankhula. Apo amayi analimba mtima nauza amalume kuti ngati sawabwereka njinga yawo, andibereka kumsana mpaka ku Katete. Amalume anandikweza okha pa njinga, nakankha ulendo wonse, amayi akundigwira kumbuyo.

Kuchipatala cha mishoni tinapeza bambo wina wothandiza adokotala. Amalume anafotokoza za khate, za nsomba ndi mkaka. Bamboyo anandiuza kuti nditsinzine, nakhudza mawanga aja ndi kathonje.

"Ukumva?"

"Ndikumva."

"Apa?"

"Ndikumva."

"Mawanga a khate samva kukhudza," anatero. "Mwanayu akudwala njala ya ndiwo. Khungu limasupuka chonchi kutupa kukamaphwa. Amene ankamupatsa nsomba ndi mkaka ndiye ankamuchiritsa. Munamulekeranji?"

Amayi anafunsa motsitsa mawu, "Zikomo bambo, tizimupatsa pamodzi kapena padera?"

"Mayi, mimba ndi imodzi. Mukapatsa padera zikakumanabe komweko."

Anandigoneka masiku angapo, ndipo potuluka anatipatsa mkaka waufa. Pobwerera amalume anakankha njinga kuchokera ku Katete mpaka kumudzi.

Kunyumba amayi anatenga poto woyera uja, ine ndili pamphasa ndikuwauza zochita, pakuti ndinali nditaona kasanu ndi katatu. Ndinawauza kuti asefe, kuti minga aichotse ndi zala, kuti mkaka ubwere pomaliza poto ataphulidwa. Ulendo woyamba anauwiritsa n'kusanduka chambiko, koma ndinamwabe. M'mawa uliwonse tinkapeza mlamba kapena nkhanu zili m'masamba pakhonde. Anali amalume. Anatero mpaka nditachira, koma sananenepo kuti analakwa, ndipo palibe amene anatumidwa ku Vubwi. Chimanga cha a Mbewe chinakololedwa n'kulowa m'nkhokwe za mbumba, ndipo ine ndinadya nawo.

Nditafika zaka khumi ndi ziwiri ndinapempha munthu wina wogulitsa fodya, amene ankayenda mbali imeneyo, kuti akandifunsire. Anabwerako ndi yankho loti a Mbewe anamwalira chaka chachiwiri atafika kwawo, m'nyumba ya mdzukulu wa mlongo wawo. Anaikidwa kumeneko, kutali ndi akazi awo. Sanamve konse kuti ndinachira.

Nkhaniyi ndinaisunga mumtima zaka zambiri. Amalume ndi amayi aakulu ndinkawalemekeza, ndinkawalimira, koma m'tchalitchi tikafika pa mawu a kukhululukirana m'Pemphero la Ambuye, ndinkatseka pakamwa mpaka anzanga adutsepo. Ndinkadziimbanso mlandu ndekha chifukwa cha liwu lija "mkaka", ngakhale ndinkadziwa kuti ndinangonena zoona.

Amalume anamwalira ine nditakwatira kale. Amayi aakulu anakhala nthawi yaitali, mpaka mano onse anatha ndipo chakudya chinayamba kuwakanika kumeza. Ana awo anali kumigodi. Akazi anga, amene tsopano nawonso anatisiya, ndiwo anandiuza kuti, "Bambo, msuzi wanu uja mumaphikira ana akadwala. Nanga amayi aakulu ndi mtengo?" Mawuwo ndinalimbana nawo masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinagula mlamba, ndinatuma ana kukatola nkhanu, ndipo ndinaphika mu poto yemwe uja, amene tsopano anali ndi chigamba pansi.

Ndinawapeza ali pakhonde, atatsamira chipupa. Anayang'ana m'mbale nanunkhiza.

"Muli mkaka?"

"Muli, amayi."

"Ndi nsomba?"

"Ndi nsomba."

Anatsegula pakamwa. Ndinawamwetsa masupuni anayi. Akupukuta milomo ndi nsalu anati, "Ndinali nditaika kale m'manda ana anga awiri chaka chimenecho. Nditaona mawanga aja ndinangoona manda achitatu." Anapumira, nawonjezera, "Munthu uja tinamulakwira."

Za ana awiriwo ndinkazidziwa, koma ndinali ndisanaziikepo pamodzi ndi tsiku lija. Ndinawaphikira msuziwo kawiri pa sabata mpaka anamwalira.

Lero ndine wokalamba, ndipo ndikukhala m'mudzi wa malemu akazi anga. Achibale awo anandisudzula monga mwa mwambo, ndipo nditapempha kuti ndikhale pafupi ndi manda, anandilola. Ndikudziwa tsopano chimene a Mbewe anasiya m'mawa uja, kuposa chimanga. Poto ndikadali naye. Mdzukulu akadwala ndimamukhazika pafupi ndi moto, ndimamuikira mchere m'dzanja kuti athire yekha, ndipo mkaka ndimathira pomaliza. A Mbewe ndimawatchula m'pemphero. Amalume a Yobe ndi amayi aakulu a Esitere ndimawatchulanso, ndipo pa mawu aja sinditsekanso pakamwa. Ndinawakhululukira.