Mmene Ndinagwadira Wantchito Wanga

Loweruka, mwezi wa Juni

Lero ndinadzuka ndi njala ndi mantha pamodzi, osadziwa kuti ndiyambe kuthana ndi chiti. Kunja kunkazizira kwambiri. Ndinapita kukatunga madzi ku kiyosiki ndikubwereza mawu anga a Chingerezi chapansipansi, mpaka mayi wina pamzere anandifunsa ngati ndikupemphera.

Linali tsiku logawa mbali za sewero. Gulu lathu limakumana mu holo ya tchalitchi kuno ku komboni ya George. Si la ana a sukulu okha: muli ife a sekondale, amayi awiri ogulitsa salaula (zovala zakaunjika), ndi azibambo angapo. Wotitsogolera ndi mphunzitsi wa Chingerezi wopuma pantchito, tonse timangowatchula kuti ba Madamu. Chaka chino anabweretsa buku lakale lothothoka masamba, sewero lanthabwala la ku Mangalande. Ndi la anthu olemera osagwira ntchito iliyonse. Amangomwa tiyi, kunamizana, kenako n'kukwatirana. Nditaliwerenga koyamba ndinadabwa kuti amakhuta chiyani, chifukwa m'buku lonselo sindinaone munthu akuphika.

Ine ndikufuna mbali ya mtsikana, mwana wa eni nyumba yolemera ya m'sewerolo. Ndakhala m'gululi kuyambira giredi naini, koma sindinalankhulepo pa siteji. Ulendo wina ndinali mayi wolira pamaliro, ulendo wina mneba wosuzumira pawindo. Mbali iyi ili ndi mawu pafupifupi tsamba lililonse. Oifuna tilipo awiri: ine ndi mtsikana wina wamtali wa ku Matero, woimba kwaya, amene Chingerezi chake chimamveka ngati cha pa wailesi. Sitidana, koma lero anadya vitumbuwa vyake yekha.

Mbali ya wantchito wa m'nyumbamo inapita kale kwa amalume anga. Iwo ndi mlongo wamkulu wa amayi, amawotcherera mageti ku Marapodi, ndipo timakhala nawo pa yadi imodzi. Sabata yatha anangobwera kudzakonza chitseko cha holo. Ba Madamu ataona nkhope yawo yosaseka ija, anawapempha kuti anyamule thabwa kuchokera kukhomo mpaka kutsogolo. Atafika nalo, ba Madamu anawomba m'manja nati wantchito wapezeka. Amalume anangofunsa ngati mawu ake ndi ambiri. Atamva kuti ndi ochepa anati, “Basi, nizachita.”

Kunena zoona, sindinaganizepo kuti zimenezi zingandivute. Ndinkangodera nkhawa katchulidwe ka mawu.

Masana anaika mpando wa pulasitiki pakati pa siteji, ndipo ine ndinaitanidwa koyamba.

“Unkhale tsonga,” anatero ba Madamu. “Wanchito akabwela na tiyi, utenge kapu na dzanja limodzi, osamuyang'ana. Ulawe, umuuze kuti wazizila, achose. Ndipo umuitane na dzina chabe, kulibe vakuti ‘ba’.”

Ndinayamba bwino. Mawu ankatuluka okha, ndipo mnyamata amene akusewera wondifunsira anaiwala ake chifukwa chondimvetsera. Kenako amalume anatulukira kuseri kwa nsalu atavala ovololo yawo, kathaulo pamkono, thireyi m'manja. Anafika pambali panga n'kuwerama.

Sindikudziwa mmene zinachitikira. Ndinangozindikira kuti ndili pa simenti, ndagwada, ndatambasula manja onse awiri, pakamwa panga patuluka kale kuti, “Zikomo ba malume.”

Holo yonse inafa ndi phwete. Mayi mmodzi wa salaula anachita kugwira khoma. Mnyamata uja anakuwa kuti, “Ba Madamu, uyu ni olemela wa mu George! Manje manje azayamba kusuka na mbale!” Amalume okha sanaseke. Anaima chowerama ndi thireyi yawo, n'kunena mawu awo a Chingerezi pamwamba pa mutu wanga ngati palibe chachitika.

Ndinayesanso. Ulendo uno ndinakhalabe pampando, koma dzanja lamanzere linathamanga lokha kukagwira chigongono cha lamanja. Pofika pa mawu a tiyi wozizira, liwu langa linachepa mpaka linasanduka pempho.

“Mwana wanga,” anatero ba Madamu, “supempha mchele kwa ba neba. Nyumba ni yako.”

Kenako inafika nthawi ya mnzanga wa ku Matero. Iye sanazengereze. Analiza zala, anakalipa, anakankha kapu mpaka inagubuduka pa thireyi. Anthu anakuwa “Eeh!” n'kuwomba m'manja. Ndinaona nsidze imodzi ya amalume ikukwera pang'ono. Mumtima ndinati basi, chaka chinonso ndikasuzumira pawindo.

Koma ba Madamu anapukusa mutu. “Iwe umutukwana,” anamuuza. “Munthu amene umutukwana ndiye kuti wamuona. Mtsikana uyu samuona na pang'ono. Sakalipa, sayamika. Kuli iye, tiyi amangofika.” Anatiyang'ana tonse awiri, nati mmodzi amamuona wantchito mopitirira, winayo amamuona molakwika. Tibwerenso mawa tikatuluka m'tchalitchi, ndipo adzasankha mmodzi pomwepo.

Pobwerera kunyumba ndinkayenda pambuyo pa amalume, mutu uli ndi mafunso okhaokha. Munthu angaime bwanji patsogolo pako iwe osamuona? Kodi atsikana a kumeneko ankachita kuphunzitsidwa, monga ife timaphunzitsidwira kugwada? Nanga Azungu akamaonera sewerolo amaseka ndani, mtsikanayo kapena wantchitoyo? Ndinayesa kudutsa agogo ena ogulitsa makala osawayang'ana. Ndinangoyenda pang'ono, khosi linatembenuka lokha, ndipo ndinawapatsa moni wautali kuposa wa masiku onse.

Kunyumba nkhani inali itafika kale, mayi wa salaula uja anadzera kwathu. Amayi ankasankha nyemba pakhonde. Iwo amalankhulabe Chichewa cha makolo awo amene anachokera ku Malawi, makamaka akafuna kuti mawu alemere.

“Ndamva kuti ukufuna kukatuma amalume ako pamaso pa mpingo wonse.”

“Ndi sewero chabe, amayi.”

“Sewero limatha tsiku lomwelo, koma azimayi a mu mpingo saiwala. Adzati mwana wa uje alibe mwambo.”

Amalume, amene ankavula nsapato pakhomo pawo, anayankha osatembenuka. “Musiyeni mwanayo. Ine thireyi ndinanyamula bwinobwino. Iye ndiye wandiwonongera ntchito.”

Amayi anasiya nyemba n'kuyamba kuseka. “Achimwene, inu wantchito? Inu amene simudziwa ngakhale kumene timaika masupuni?” Ataseka mokwanira anapukuta misozi ndi chitenje. Sanandiletse. Anangoti ngati ndichite, ndichite bwino kwambiri, kuti ngakhale wogontha adziwe kuti ndi sewero.

Dzuwa litapendeka kunabwera mnzawo wa amalume, amene amawotcherera naye limodzi. Anakhala pa benchi pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo amayi anandituma kuti ndiwapatse tiyi. Ndinapita ndi makapu, ndinagwada monga mwa nthawi zonse. Amalume anali pakati pa nkhani ya magetsi amene anazima geti lili theka, mwini wake ataima pomwepo. Akulankhula choncho, dzanja lawo linatambasukira kumbali, linapeza kapu lokha, n'kuitenga. Maso anali pa mnzawo. Analawa. Pakati pa chiganizo anaponyamo liwu limodzi, “Shuga,” n'kupitiriza za geti, kapu ataibweza m'malere, podziwa kuti pali manja amene ailandire.

Ndinailandira, koma sindinadzuke. Ndinangoti kakasi kuwayang'ana, mpaka amayi anandiitana kuchokera pa mbaula kuti kodi ndamera mizu.

Sanakwiye. Sanathokoze. Sanandinyoze ngakhale pang'ono. Amalume amandikonda, zimenezo sindikayika. Kungoti pa nthawi imeneyo ine panalibe, panali tiyi basi. Ndakhala ndikuwapatsa tiyi kuyambira ndili wamng'ono, ndipo sindinazindikirepo kuti amalandira chonchi, komanso sizinandipwetekepo. Nditabwera ndi shuga ndinaonetsetsanso. Chimodzimodzi. Ngakhale mnzawoyo anatenga yake mofananamo. Zandidabwitsa kuti mtsikana wolemera wa m'buku la ku Mangalande ndi munthu wowotcherera mageti ku Marapodi ali ndi dzanja lofanana. Mwina ba Madamu akudziwa chifukwa chake, koma sindiwafunsa ndisanapeze mbaliyo.

Ndinapita kuseri kwa nyumba ndi kapu, n'kuiika pa chigubu. Ndinayesa kuitenga ndikulankhula ndi khoma. Poyamba ndinaiphonya, kenako ndinaigwetsa. Ndinaona kuti chinsinsi chake n'chakuti nkhani imene ukukamba ikhale yokoma kwambiri kwa iwe mwini, mpaka dzanja liziyendera lokha. Nditayamba kuuza khomalo mawu anga a m'sewero ngati miseche yotentha, kapu inabwera m'dzanja.

Chovuta n'chakuti chigubu si amalume. Chigubu sichiwerama.

Ndiye ndaganiza chonchi. Mawa m'mawa tisanapite ku tchalitchi, tiyi wa amalume ndikawapatsa ndine, ngakhale ndi tsiku la mng'ono wanga lopereka tiyi, kuti ndionenso kumene maso awo amapita kapu ikamafika. Ku holo ndikakola phazi langa ku mwendo wa mpando kuti maondo asandipereke. Ndikayang'ana mnyamata wondifunsira uja ngati ndikumuuza za geti lija lotsala theka, ndipo kapu ndikaibweza m'malere. Amalume sindiwauza kuti ndikutsanzira ndani. Ndikufuna ndione ngati nsidze ija ikwere.