Mzati wa Paipi

Chitseko ndicho chinayamba kukana. M'mawa wina wa mu Juni, kukuzizira, ndinachikoka kuti ndituluke koma chinangokhula pansi. Dzulo lake chinkatseguka bwinobwino.

Nyumbayo anamanga ndi bambo wa ana anga, pamalo a amayi kufupi ndi Sinda, poti anali mkamwini. Ankagwira ntchito pafamu ya fodya, ndiye balani ina youmitsira fodya itapsa kumeneko anawapatsa mapaipi otsala. Yaitali anaiimika pakati pa nyumba kuti ikhale mzati, denga lonse n'kutsamira pamenepo. Anthu ankachita kubwera kudzaona. "Chiswe chiguluka mano chaka chino," ankawauza choncho amuna angawo.

Koma paipiyo inali yopindika pang'ono cha m'munsi, pofika m'bondo, ndipo pomwepo dzimbiri linali litaboola. Moto wootha tinkasonkha pafupi nayo. Tsikulo ndinakhala pansi n'kumayang'ana. Moto utakolera paipi inayamba kulira, te, te, te, pabowo paja n'kumatuluka nthunzi ndi timadzi tofiira. Kuyang'ana kumwamba, udzu ukuyoyoka, mtanda watsikira kuchitseko. Pamphasa mwana wamkulu akusewera, wakhanda ali m'tulo. Ndinaitana amuna anga.

"Bambo ake, mzati uwu ukugwada."

Anaseka. "Kusukulu kwanu kuja munaphunziranso zachitsulo? Chitsulo sichipsa, mayi."

"Nanga balani ija inagwa bwanji?"

"Musandichititse manyazi pamudzi pa eni," anatero, n'kukwera njinga.

Manyaziwo ndinkawamvetsa, mkamwini amayesedwa ndi nyumba imene wamanga. Koma mtengo ukamapsa umafuka, umauona. Ichi chinali champhako, m'kati mwake simunkaoneka, ndiye ine ndizidikira tsiku loti chigwetsere denga la udzu pamoto ana ali pansi? Ayi.

Ndinabereka wakhanda, wamkulu ndinamukoka padzanja mpaka kwa akulu anga. Ndinabwerera, kuzimitsa moto, kutulutsa mphasa ndi zofunda. Kenako ndinatenga chikwakwa, kukwera pamtondo, n'kuyamba kudula luzi la denga.

Amayi anabwera akuthamanga. "Iwe, wapenga? Mkazi amasasula nyumba ya mwamuna? Ukwati utha!"

"Uthe, amayi. Ana anga sagonamonso umu."

Udzu unkandicheka, koma sindinatsike. Ndinkadziwa kuti likatsala denga, madzulo amuna anga andinyengerera, andiuza kuti tigone lero lokha. Ndinasolola mtolo ndi mtolo mpaka paipi ija inatsala poyera, pamtetete, poti munthu sangagonekepo mwana.