Atenente Pamwamba pa Nkhokwe

Ndikukumbukira tsiku limene atate anabwera kumudzi kwathu, kufupi ndi Mualadzi, nkhondo yapachiweniweni itafika povuta. Ndinali kamtsikana kolongolola. Atate anali tenente, mkulu wa asilikali aboma, ndipo tinkawaona mwa apo ndi apo. Anzanga ndinali nditawagonthetsa m'kutu kuti atate akangokhosomola, matropa, asilikali awo onse, amaima nji. Felisiya, mnzanga wapamtima amene tinkakangana naye tsiku lililonse, ankangoti, "Tidzaona."

Anafika dzuwa lili paliwombo pa galimoto yaikulu yonunkha mafuta, nkhope yawo ili mbuu ndi fumbi lofiira. Anabwera kudzatitenga. Midzi ya kumtunda inali itayamba kutenthedwa, ndipo ankafuna kuti amayi ndi ife ana tiwoloke pa Cassacatiza, tikakhale ku Zambia. Tinayenera kunyamuka dzuwa lisanapendeke kwambiri, chifukwa madzulo msewu unkakhala wa zigawenga za m'tchire.

Koma kwathu mwamuna ndi mkamwini, ana ndi a kuchikazi. Mwini mbumba anali amalume a Zakeyu, mlongo wawo wa amayi, munthu wamfupi wa kabudula wazigamba, wosaiwala mangawa.

Ana tonse tinawalondola atate pambuyo, ine patsogolo ndikudzithyolathyola. Panjira tinakumana ndi agogo atasenza nkhuni. Atate anavula chipewa, anapatukira m'udzu, n'kunyonyomala atayang'ana kumbali mpaka apongozi awo atadutsa. Anatulukamo chisoso chitamamatira thalauza lonse. Felisiya anandigunda ndi chigongono. "Kani atenente ndi mkamwini basi, ngati atate anga?" Ndinamva kutentha m'makutu.

Choipa chinali kutsogolo. Pofika pabwalo la amalume, atate anapatsira woyendetsa galimoto mfuti yawo, anavula mabota, nsapato zawo zausilikali, n'kugwada m'fumbi akuwomba m'manja. Amalume anapitiriza kusema mpini.

"Alamu, kuno kwaipa. Ndabwera kudzapempha kuti mundilole ndiwatenge."

"Nkhokwe ya apongozi anu denga linagwa kalekale," anayankha amalume osadzutsa mutu. "Mkamwini wake ali kuti?"

Asilikali awiri anadumpha m'galimoto kuti athandize, koma amalume anawaloza ndi kasemasema. "Mlongo wanga sindinamukwatitse kwa matropa."

Atate anavula malaya awo ausilikali a nyenyezi n'kukwera pankhokwepo. Mapazi awo, ozolowera mabota, anali otuwa ndi ofewa ngati a khanda, ndipo ankaterereka pa nsungwi. Ankamanga luzi thukuta lili kamukamu, udzu ukuwagwera m'maso, maso ali kudzuwa. Mudzi wonse unasonkhana kudzaonerera. Ine ndinathawira kuseri kwa khola la mbuzi n'kulira ndi manyazi. Ndinkalakalaka atangokalipa kamodzi kokha, amalume anjenjemere, Felisiya aone. Amayi atandipeza ndinawafunsa kuti bwanji atate osangowaopseza. Ananditsina m'ntchafu moti mpaka lero ndimapakumbukira.

Denga litatha, amalume analizungulira, akusolola udzu apa ndi apo ngati akugula. Kenako anati, "Pitani nawo. Koma mudzabweze." Atate anawachonderera kuti iwo ndi agogo akwere nawo. Anakana, ati chimanga asiyira ndani. M'galimoto ndinakhala chofulatira atate njira yonse, ndipo atandipatsa kabisiketi ka m'thumba mwawo ndinakana.

Mvula isanagwe mudzi wathu unatenthedwa, nkhokwe ija pamodzi. Amalume ndi agogo anatipeza ku Zambia wapansi, miyendo itatupa. Ambiri sanafike.

Nkhondo itatha, atate anatibweretsanso pabwalo lomwe lija, anatiimika pamzere, anagwada n'kunena kuti, "Alamu, ndabweza." Anakhala pachikamwini moyo wawo wonse, akulima, akulera adzukulu ndi zidzukulutudzi, mano onse mpaka kutha. Za kunkhondo sankazikamba. Amalume atachita khungu, anali atate amene ankawagwira dzanja popita kutchalitchi.

Masiku ano zinasintha. Akamwini amagwirana chanza ndi apongozi, ena mpaka kudyera mbale imodzi. Mkamwini wanga anamutenga mwana wanga kupita naye ku Tete, ine n'kungondiuza pa foni ali kale m'basi. Sindinadandaule kwambiri, ndi nyengo yake. Koma manyazi a tsiku lija sanandichoke, anangotembenuka n'kuloza ine.

Atate anamwalira chaka chatha, atakalamba zedi. Pamaliro anaika chipewa chawo chausilikali pabokosi. Felisiya, imvi zili mbuu, anakhala pambali panga pamphasa, ndipo ndinkadikira kuti andikumbutse za chisoso chija tiseke pang'ono. Iye anayang'ana bokosi nthawi yaitali.

"Atate anga anati sangagwadire mlamu, anawolokera ku Zambia okha," anatero motsitsa mawu. "Ife tinatsala asanu m'mudzi. Ndilipo ndekha."